Maureen Connolly: Mtsikana Amene Kavalo Adamulanda Chikho

Ambiri mwa ife timangodziwa mpira wamiyendo, ndipo inenso tenisi ndidayamba kuionera mochedwa. Koma tsiku lina ndikuwerenga za akatswiri akale a masewerawa, ndidakumana ndi dzina la Maureen Connolly, ndipo mbiri yake idandigwira mtima kotero kuti ndati ndikugawireniko.

Maureen adabadwa mchaka cha 1934 mu mzinda wa San Diego ku America. Makolo ake adasiyana iye akadali wamng'ono, ndipo adaleredwa ndi mayi ake. Chimene mwanayu ankakonda kwambiri chinali kukwera pa kavalo, koma mayi ake analibe ndalama zomulipirira maphunziro otero. Motero ali ndi zaka 10 adayamba kupita ku bwalo la tenisi la mzinda. Anali wamanzere, koma mphunzitsi wake woyamba, Wilbur Folsom, adamuzolowetsa kumenya mpira ndi dzanja lamanja. Mtolankhani wina poona ukali wa kamenyedwe kake adamupatsa dzina loti "Little Mo", kumufanizira ndi sitima yankhondo ya pamadzi yotchedwa Missouri.

Kenaka adagwa m'manja mwa mayi Eleanor Tennant, ndipo apa ndi pamene ine ndidaima nthawi yaitali. Mayiyu anali mphunzitsi waluso zedi, koma ankakhulupirira kuti wosewera sangapambane pokhapokha atadana ndi mnzake amene akupikisana naye. Maureen yemwe adadzavomereza m'buku lake, Forehand Drive, kuti chidani ndi mantha ndizo zinkamuyendetsa pa bwalo. Mchaka cha 1951, asanakumane ndi Doris Hart, katswiri amene iye ankamusirira, mphunzitsiyo adamunamiza kuti Hart adamunyoza. Mtsikanayo adalowa m'bwalo atapsa mtima, nkupambana, ndipo adatenga chikho cha dziko la America ali ndi zaka 16 zokha. Kodi mphunzitsi wotere tingamuyamikire? Ine ndikuti ayi, ngakhale zikho zidabwera.

Ubale wawo sudakhalitse. Ku Wimbledon mchaka cha 1952 Maureen adafika atavulala kale phewa, mphunzitsi nkumuuza kuti atuluke mu mpikisano. Iye adakana, adasiyana naye pomwepo, nkugonjetsa Louise Brough m'ndime yomaliza.

Chaka chake chenicheni chinali 1953. Mothandizidwa ndi Harry Hopman wa ku Australia, munthu wofatsirapo, adapambana mipikisano inayi yonse ikuluikulu ya tenisi m'chaka chimodzi: wa ku Australia, wa ku France, wa Wimbledon ndi wa ku America. Palibe mkazi adachitapo zimenezi iye asanatero. Pakati pa akazi, adadzabwereza ndi Margaret Court mu 1970 ndi Steffi Graf mu 1988. Mu 1954 adatenganso chikho cha ku France ndi cha Wimbledon, nkukwanitsa zikho zikuluzikulu zisanu ndi zinayi asanafike zaka 20.

Tsono mverani mmene zinthu zidatembenukira. Atapambana koyamba ku Wimbledon, anthu a kwawo ku San Diego adamupatsa mphatso imene ankailakalaka kuyambira ali mwana: kavalo, dzina lake Colonel Merryboy. Pa 20 July 1954, patangopita masabata ochepa chibwerereni ku London, adakwera kavaloyo. Galimoto yonyamula simenti idadutsa pafupi, kavalo nkudzidzimuka, ndipo mwendo wamanja wa Maureen udapanikizika ndi galimotoyo nkuthyoka. Anali ndi zaka 19. Adayesa kubwerera pa bwalo koma mwendo udakana, ndipo mu 1955 adalengeza kuti wasiya mipikisano.

Chimene chidandidabwitsa nchakuti sadawade akavalo. Chaka chomwecho adakwatiwa ndi Norman Brinker, katswiri wokwera pa kavalo, ndipo adabereka ana aakazi awiri. Ankalemba nkhani za tenisi m'nyuzipepala ndi kuphunzitsa achinyamata ku Texas, kumene iye ndi mnzake Nancy Jeffett adakhazikitsa bungwe lothandiza ana ofuna kusewera tenisi.

Mu 1966 madokotala adamupeza ndi khansa. Adamwalira ku Dallas pa 21 June 1969, ali ndi zaka 34, kutangotsala masiku awiri kuti mpikisano wa Wimbledon wa chaka chimenecho uyambe.