Edsger Dijkstra, katswiri wa makompyuta amene ankalemba pamanja

Pamene Edsger Dijkstra ankamanga ukwati ndi Maria Debets mumzinda wa Amsterdam m'chaka cha 1957, akuluakulu a boma adamufunsa ntchito yomwe ankagwira. Iye adati amalemba mapulogalamu a makompyuta. Akuluakuluwo adakana kulemba zimenezo m'kaundula ponena kuti ntchito yotere kulibe, motero chikalata cha ukwati chidamutcha katswiri wa fizikisi.

Dijkstra adabadwa pa 11 May 1930 ku Rotterdam m'dziko la Netherlands. Bambo ake adali katswiri wa kemisitiri, pomwe mayi ake adali odziwa masamu kwambiri. Adaphunzira masamu ndi fizikisi payunivesite ya Leiden, koma maphunziro a masabata atatu a kalembedwe ka mapulogalamu omwe adakachita ku Cambridge mu 1951 adamukhotetsa njira. Mu March 1952 adayamba ntchito ku Mathematisch Centrum, malo ofufuzira za masamu ku Amsterdam.

Tsiku lina mu 1956, iye ndi bwenzi lake Maria atatopa ndi kuyenda m'masitolo, adakhala pansi kuti amwe khofi. M'mphindi pafupifupi 20, wopanda pepala ngakhale pensulo, adapeza ndondomeko yoti kompyuta izipezera msewu wachidule pakati pa mizinda iwiri, monga Rotterdam ndi Groningen. Ndondomekoyo idasindikizidwa mu 1959 pamasamba atatu okha, ndipo mpaka lero makina ambiri olondolera mauthenga pa intaneti amaitsata. Mwini wake ankanena kuti kusowa kwa pensulo ndiko kudamuthandiza, chifukwa mutu wa munthu sungasunge zinthu zopiringizika. Moyo wake wonse udayenda m'ganizo limeneli: pulogalamu iyenera kukhala yosavuta kotero kuti woilemba angathe kutsimikiza ndi nzeru zake kuti ndi yolondola.

Atakhala pulofesa ku Eindhoven mu 1962, adayamba kudzudzula poyera. Kalata yake yotchuka idatuluka mu March 1968 m'magazini ya Communications of the ACM, ndipo inkatsutsa lamulo lotchedwa goto. Lamuloli limauza kompyuta kuti isiye mzere womwe ili ndi kudumphira pa mzere wina uliwonse wa pulogalamu. Kudumphaku kukachuluka, pulogalamu imafanana ndi ulusi wosokonekera, woti ngakhale mwini wake sadziwa poyambira kuumasula. Mutu waukali wa kalatayo sadaulembe ndi iye, adauika ndi mkonzi Niklaus Wirth, koma mkangano wonse udagwera Dijkstra. Donald Knuth, katswiri mnzake, adalemba mu 1974 kuti pali malo ena pomwe goto amathandiza ndithu.

Mfundo yake ina ndi yolemera kuposa ya goto. Ankaphunzitsa kuti kuyesa pulogalamu kumangoonetsa kuti zolakwika zilimo, koma sikungatsimikize kuti mulibe. Pulogalamu ikhoza kuyenda bwino maulendo chikwi, n'kudzagwa pa ulendo womwe woyesayo sadauganizire. Iye ankafuna kuti pulogalamu ndi umboni wa masamu wosonyeza kulondola kwake zizikulira limodzi, monga mmisiri wa nyumba amayezera khoma akuliumba, osadikira kuti denga likwere.

Mphoto ya Turing, yomwe ndi yapamwamba pa sayansi ya makompyuta, adailandira mu 1972, koma ulemuwo sudafewetse lilime lake. M'kalata ya mu 1975 adakalipira ziyankhulo zolembera mapulogalamu zomwe zidali pakamwa pa aliyense. FORTRAN adaiona ngati yotha ntchito ndi yoopsa kuigwiritsa ntchito, COBOL ankati imalumalitsa maganizo, ndipo za ophunzira oyambira pa BASIC adataya mtima kuti sangaongokenso. Apa mkuluyu adapyola muyeso. Anthu ochuluka omwe adayambira pa BASIC adadzakhala amisiri abwino, ndipo COBOL ikugwirabe ntchito m'mabanki ambiri. Makampani nawo ankadandaula, ndipo sankanama, kuti umboni wa masamu umadya nthawi ndi ndalama, pomwe msika sudikira munthu.

Komabe zomwe zachitika iye atamwalira zamuikira kumbuyo. Mu February 2014 kampani ya Apple idakonza cholakwika m'mafoni ake a iPhone: mzere umodzi wa goto udalembedwa kawiri, ndipo chifukwa cha mzerewo pulogalamu inkalumpha gawo lotsimikizira kuti tsamba la pa intaneti ndi lenileni. Mu June 2016 munthu wina adapezerapo mwayi pa cholakwika cha m'pulogalamu ya thumba la ndalama lotchedwa The DAO, n'kupatutsa ndalama za pa intaneti za Ether zokwana pafupifupi 3.6 miliyoni. Mapulogalamu onse awiriwa adali akugwira ntchito pamaso pa anthu, ndipo ankaoneka abwinobwino.

Chodabwitsa n'chakuti katswiriyu sankakonda kugwiritsa ntchito kompyuta. Maganizo ake ankawalemba m'makalata okhala ndi zilembo za dzina lake, EWD, ndi nambala. Poyamba ankawatayipa, kenako adayamba kuwalemba pamanja ndi cholembera cha inki. Ankawajambula pa makina n'kutumizira anzake ochepa, iwonso n'kugawira ena. Nambala zake zidapitirira 1,300. Kuyambira 1973 adagwirira ntchito kampani ya Burroughs ali kunyumba kwake ku Nuenen, ndipo mu 1984 adasamukira ku yunivesite ya Texas ku Austin, komwe ankaphunzitsa ndi choko pabolodi ndi kuyesa ophunzira ake pakamwa, mmodzimmodzi.

Adapuma pantchito mu 1999. Matenda a khansa atamugwira adabwerera ku Nuenen, komwe adamwalira pa 6 August 2002 ali ndi zaka 72. Adasiya mkazi ndi ana atatu. Makalata ake a EWD akusungidwa ku yunivesite ya Texas, ndipo ambiri mwa iwo aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti, ena m'zilembo za dzanja lake.