Mai Eleanor Roosevelt, Mkazi wa Pulezidenti wa Amereka

Dziko la United States of America, limene ambiri angolichula Amereka, lilibe mfumu yolowa ufumu mwa cibadwidwe. Anthu eni ace asankha mtsogoleri zikapita zaka 4 ziri zonse, namucha Pulezidenti. Mkazi wa Pulezidentiyo sasankhidwa ndi munthu ali yense, salandira malipiro, ndipo malamulo akulu a dzikolo samchula konse. Mwa mwambo wakale nchito yace inali kusunga nyumba ya boma, yochedwa White House, m'mzinda wa Washington, ndi kulandira alendo. Mai Eleanor Roosevelt anakhala m'nyumbamo zaka 12, kuyambira 1933 kufikira 1945, nthawi yoposa ya mkazi wa Pulezidenti wina ali yense, ndipo pa masiku ao nyumbayo inasanduka kofikira madandaulo a anthu osauka ndi oponderezedwa.

UBWANA WACE

Anna Eleanor Roosevelt anabadwa m'mzinda wa New York pa 11 October 1884, m'banja lacuma ndi lochuka. Atate wace, Elliott Roosevelt, anali mng'ono wa Theodore Roosevelt, amene pambuyo pace anadzakhala Pulezidenti. Koma cuma sicinaletsa cisoni kulowa m'nyumbamo. Amace, Anna Hall, anali mkazi wokongola, ndipo poona kuti mwana wao ngwamanyazi ndi wosasekaseka, anali kumuitana ngati nkhalamba pamaso pa alendo. Atate wace anamkonda ndithu, koma anali kapolo wa mowa, nakhala kutali ndi ana ao nthawi zambiri.

Amace anamwalira m'caka ca 1892 ndi nthenda ya pakhosi yochedwa diphtheria. M'caka cotsatira mlongo wace wamng'ono anamwaliranso, ndipo mu 1894 atate wace anatsatira. Motero asanakwanitse zaka 10 Eleanor anali mwana wamasiye. Iye ndi mlongo wace wotsalayo, dzina lace Hall, analeredwa ndi ambuya ao obala mai, mkazi wa malamulo olimba.

Pofika zaka 15 anamtumiza ku England, ku sukulu ya atsikana ya Allenswood, pafupi ndi London. Mkulu wa sukuluyo anali Marie Souvestre, mkazi wa ku France, amene sanalola ophunzira ace kungobwereza mau a m'buku, koma anawakakamiza kunena maganizo ao ndi kupereka zifukwa zace. Mphunzitsiyu anaona nzeru mwa mtsikana wamanthayo, namtenga pa maulendo a ku France ndi ku Italy, namsiyira nchito yogula matikiti ndi yofunsa njira. Zaka 3 zimenezo zinamcotsa mantha ambiri.

Atabwerera kwao mu 1902, anayamba kuphunzitsa ana a anthu obwera kucokera ku maiko ena, okhala mothinana m'nyumba zakuda za mu Rivington Street, ku New York. Anayenderanso malo kumene akazi ndi ana anali kusoka zobvala tsiku lonse kulandira ndalama zocepa. Kumeneko anaona ndi maso ace umphawi umene anthu a pa banja lace anangoumva m'makutu.

UKWATI NDI MABVUTO ACE

Pa 17 March 1905 anakwatiwa ndi Franklin Delano Roosevelt, wacibale wa patali wa pfuko lomwelo. Popeza atate wace anali atamwalira, anamperekeza ndi atate wace wamkulu, Theodore, amene pa nthawiyo anali Pulezidenti. Pakati pa 1906 ndi 1916 Mai Roosevelt anabala ana 6, wamkazi mmodzi ndi amuna 5, koma mmodzi wa amunawo anamwalira ali wakhanda mu 1909. Apongozi ao, Sara Roosevelt, ndiwo anagwira cuma ca banja. Anamanga nyumba ziwiri zogundana ku New York, ina yao ina ya mwana wao, zokhala ndi zitseko zolowerana, kotero kuti mkazi wacicepereyo analibe mau m'nyumba ya iye yekha, ngakhale pa kaleredwe ka ana ace.

Mu 1913 Franklin analandira udindo m'cigawo ca boma coyang'anira zombo za nkhondo, ndipo banja linasamukira ku Washington. Amereka atalowa m'nkhondo yaikulu yoyamba mu 1917, Mai Roosevelt anagwira nchito ndi a Red Cross, kugawira asilikari zakudya pa siteshoni ya sitima. Anayenderanso cipatala ca boma ca odwala misala, kumene kunali asilikari osokonezeka mitu ndi nkhondo, ndipo sanapuma kufikira boma linatumiza anthu okafufuza za kusoweka kwa cisamaliro kumeneko.

M'caka ca 1918 anapeza makalata oonetsa kuti mwamuna wao anali pa cikondi ndi Lucy Mercer, amene anakhalapo mlembi wao. Anauza mwamunayo kuti ngati afuna, ukwati uthe. Koma amace a Franklin anati adzammana cuma akasiya banja lace, ndipo kunali kodziwika kuti kusudzulana kukadatsekanso njira yace ya utsogoleri. Franklin analonjeza kusaonananso ndi mkaziyo, ndipo ukwati unakhala. Bala limenelo silinapola konse, koma kuyambira pamenepo Mai Roosevelt anayamba kufuna nchito yao yao ndi abwenzi ao ao.

Mu August 1921, ali pa cisumbu ca Campobello ku Canada, Franklin anadwala nthenda imene madokotala anati ndi poliyo, ndipo miyendo yace yonse iwiri inafa ali ndi zaka 39. Mkazi wace anamdwazika masabata ambiri, kumsambitsa ndi kumtembenuza usana ndi usiku. Amace anafuna kuti akakhale cete kumudzi kwao ku Hyde Park moyo wace wonse. Apa Mai Roosevelt anawatsutsa apongozi ao kolimba. Pamodzi ndi Louis Howe, mlangizi wa mwamuna wao, anatsimikiza kuti munthu wolumala miyendo angathe kutsogolerabe. Howe anawaphunzitsa kulankhula pa msonkhano, ndipo anayamba kuyendayenda m'malo mwa mwamuna wao, kulowa m'magulu a akazi anchito ndi a akazi oponya voti, kuti dzina lace lisaiwalike.

Mu 1928 Franklin anasankhidwa kukhala Bwanamkubwa wa cigawo ca New York. Popeza sanatha kukwera makwerero a m'zipatala ndi m'ndende, anali kutuma mkazi wace kulowamo. Poyamba anabwera ndi mau a zimene anawerenga pa pepala la zakudya, koma mwamunayo anawalangiza kubvundukula miphika pamoto ndi kuona ngati zophikidwa zilingana ndi zolembedwa. Phunziro limeneli analisunga moyo wao wonse.

M'NYUMBA YA BOMA

Franklin Roosevelt analowa upulezidenti pa 4 March 1933, dziko liri m'bvuto lalikulu. Malonda anali atagwa kuyambira 1929, mabanki ambiri anatsekedwa, ndipo pa anchito 4 ali onse mmodzi analibe nchito. Patangopita masiku awiri Mai Roosevelt anaitana olemba nyuzi, cinthu cimene akazi a Mapulezidenti akale sanali kucita, nalola akazi okha kulowa. Anatero kuti eni nyuzipepala akakamizidwe kusunga akazi pa nchito. Misonkhano yotere anaicita 348. M'caka coyambaco analandira makalata oposa 300,000, ambiri ocokera kwa osowa cakudya, zobvala kapena nyumba, ndipo ambiri a makalatawo anawatumiza ku zigawo za boma ndi kufunsa yankho. Kuyambira kumapeto kwa 1935 kufikira 1962 analemba nkhani yaifupi yochedwa My Day, nthawi zambiri masiku 6 pa sabata, imene inasindikizidwa m'manyuzipepala ambiri.

Mu 1933 anapita ku Scotts Run, m'cigawo ca West Virginia, kumene anthu a m'migodi ya malasha anakhala zaka osagwira nchito, ana ao akugona ndi njala. Anakakamiza boma kumanga mudzi watsopano wa Arthurdale, wa nyumba 165, iri yonse ndi munda wace. Mabanja amene analowamo anapeza moyo wabwino, koma ndalama zinapita zambiri, mafakitale amene anayesa kukhazikitsa sanapindula, ndipo pofika 1947 boma linagulitsa zonse. Adani ao anawaseka cifukwa ca mudziwo, monganso anawaseka mu 1935 pamene anatsikira pansi mu mgodi wa malasha ku Ohio.

Cimene cinawadanitsa koposa ndi anthu cinali nkhani ya anthu akuda. Masiku amenewo m'zigawo za kumwera munali malamulo olekanitsa akuda ndi azungu m'sukulu, m'sitima ndi m'misonkhano, ndipo magulu a azungu anali kupha munthu wakuda poyera popanda mlandu kuweruzidwa. Mai Roosevelt anagwirizana ndi Mary McLeod Bethune, mphunzitsi wakuda wochuka, ndi Walter White, mtsogoleri wa bungwe la NAACP, ndipo mu 1934 anakonza kuti White akaonane ndi Pulezidenti za lamulo loletsa kupha kotereko. Pulezidenti anakana kulilimbikira poyera, pakuti anaopa kuti aphungu a kumwera adzatsekereza malamulo ace ena othandiza osauka. Lamulolo linalephera, ndipo mkazi wace anapitiriza kulinenera yekha.

Mu November 1938, pa msonkhano wa ku Birmingham, m'cigawo ca Alabama, anakhala pansi ku mbali ya anthu akuda. Apolisi atawauza kuti lamulo la mzindawo liletsa, anatenga mpando nauika pa mpata wa pakati, nakhala pomwepo. M'caka cotsatira bungwe la akazi lochedwa Daughters of the American Revolution linakaniza Marian Anderson, woyimba wakuda, kuyimba m'nyumba yao yaikulu ku Washington. Mai Roosevelt anaturuka m'bungwelo, nalengeza cifukwa cace m'nyuzi. Pa Sabata la Pasaka, 9 April 1939, Marian Anderson anayimba panja, pa cikumbutso ca Abraham Lincoln, pamaso pa anthu 75,000.

Nkhondo yaciwiri itafika, ana ao amuna onse 4 anapita ku nkhondo. Mu 1942 boma linasonkhanitsa anthu a mtundu wa Japan okhala m'Amereka, pafupifupi 120,000, ambiri a iwo obadwira momwemo, ndi kuwatsekera m'misasa. Mai Roosevelt anatsutsa cimeneci kwa mwamuna wao m'nyumba, koma poyera sanamdzudzula. Mu 1943 anayendera msasa wa Gila River napempha kuti anthuwo amasulidwe msanga. Caka comweco anauluka kupita ku Australia, New Zealand ndi zisumbu za Pacific, kufikira ku Guadalcanal. Mkulu wa zombo, Admiral Halsey, poyamba sanafuna ulendowo, koma anasintha mtima ataona maiyo alikuima pa kama uli wonse wa wolasidwa, kufunsa dzina lace ndi kwao.

NCHITO YA UMASIYE

Pulezidenti Roosevelt anamwalira pa 12 April 1945 ku Warm Springs, m'cigawo ca Georgia. Pofika ku maliro mkazi wace anamva kuti Lucy uja anali pomwepo pa nthawi ya imfa. Anasenza cisoni cimeneci mwakacetecete, nasamukira ku kanyumba kao ka Val-Kill, ku Hyde Park, alikuganiza kuti nchito yao yatha.

Koma mu December 1945 Pulezidenti Harry Truman anawasankha kukhala mmodzi wa nthumwi za Amereka ku bungwe latsopano la United Nations. Pa msonkhano woyamba ku London, mu 1946, amuna anzao anawaika ku kabungwe koona za umoyo wa anthu, poyesa kuti kumeneko kulibe nkhani yaikulu. Koma komweko kunabuka mlandu wa anthu othawa nkhondo amene anali m'misasa ya ku Ulaya. A Soviet Union anafuna kuti onse abwezedwe kwao mokakamiza, ndipo ambiri akadaphedwa kapena kumangidwa. Mai Roosevelt anatsutsana ndi Andrei Vyshinsky, nthumwi yoopedwa ya dzikolo, ndipo msonkhano unabvomereza kuti wothawa asabwezedwe iye osafuna.

Pambuyo pace anawasankha kukhala wa pa mpando wa bungwe lolemba cikalata ca ufulu wa munthu ali yense. M'menemo munali anthu ophunzira a zipembedzo ndi miyambo yosiyana: P. C. Chang wa ku China, Charles Malik wa ku Lebanon, René Cassin wa ku France, John Humphrey wa ku Canada, ndi Hansa Mehta wa ku India, amene analimbikira kuti mau a cikalataco aphatikize akazi momveka. Mikangano inali yambiri, ndipo wa pa mpandoyo anali kuwasunga pa nchito kufikira usiku, nafunsa kuti mau akhale osabvuta, oti munthu wamba awamve. Pa 10 December 1948, ku Paris, maiko 48 anabvomereza cikalataco, palibe limene linakana, ndipo 8 sanaponya voti, mwa iwo South Africa, imene caka comweco inalowa m'boma la tsankho. Mfundo zace 30 zinena kuti anthu onse abadwa mfulu ndi olingana, kuti ukapolo ndi kuzunza nzoletsedwa, ndi kuti munthu ali ndi ufulu wa kupembedza, wa kuphunzira, wa nchito ndi wa kuweruzidwa molungama. Pa nthawiyo Northern Rhodesia ndi Nyasaland anali m'manja mwa Britain, opanda mpando pa msonkhanowo. Zambia ndi Malawi analowa m'bungwe la United Nations tsiku limodzi, pa 1 December 1964.

Mai Roosevelt anasiya unthumwi pamene Eisenhower anasankhidwa mu 1952, koma Pulezidenti Kennedy anawabwezerako mu 1961, nawaikanso kutsogolera bungwe lofufuza za moyo wa akazi m'Amereka. Moyo wao wonse anali wa mpingo wa Episcopal, ndiwo mpingo wa Anglican wa m'dzikomo. Anamwalira ku New York pa 7 November 1962 ndi nthenda ya magazi pamodzi ndi cifuwa cacikulu, ali ndi zaka 78. Ku maliro kunafika Kennedy, Truman ndi Eisenhower. Anawaika pambali pa mwamuna wao, m'munda wa maluwa ku Hyde Park, pansi pa mwala woyera wopanda zokometsera, wolembedwa maina ao awiri ndi zaka zao zokha.