MBIRI YA MAYI GERTRUDE EDERLE, KATSWIRI WOSAMBIRA

Amayi anzanga, ife a kumapiri kuno ku Mayani madzi akuya timawaopa. Mitsinje monga Linthipe ikadzaza, timaima kutsidya kudikira kuti madzi aphwe. Lero tiyeni timve za mayi amene anawoloka nyanja posambira.

Gertrude Ederle anabadwa pa 23 October 1905 mumzinda wa New York ku America. Makolo ake anachokera ku Germany, ndipo bambo ake anali ndi butchala. Ali wamng'ono anadwala chikuku, ndipo matendawa anamuwononga makutu. Ngakhale zinali choncho, anaphunzira kusambira nalowa bungwe la amayi osambira la mumzindawo. Mu 1924, pa masewera a Olympics ku Paris, anapata mendulo imodzi yagolide pamodzi ndi anzake atatu, ndi zina ziwiri za malo achitatu payekha.

Pakati pa France ndi England pali nyanja yozizira yotchedwa English Channel. Pamene ndi popapatiza pali makilomita pafupifupi 33. Kufikira nthawi imeneyo amuna asanu okha ndiwo anali atawoloka posambira, ndipo anthu ambiri ankati mkazi sangathe. Mu 1925 Gertrude anayesa, koma anamutulutsa m'madzi asanafike. Sanataye mtima. Pa 6 August 1926, ali ndi zaka 20, anadzola mafuta thupi lonse kuti asazizidwe, nalowa m'madzi ku Cap Gris-Nez. Mphepo ndi mafunde zinamukankhira uku ndi uku, mtunda n'kutalika. Patatha maola 14 ndi theka anatuluka ku Kingsdown ku England. Anakhala mkazi woyamba kuwoloka, ndipo anaposa mwamuna wothamanga koposa uja ndi maola pafupifupi awiri. Atabwerera kwawo, namtindi wa anthu unadzaza misewu ya New York kumulandira. Kuyambira pamenepo zinavuta kunena kuti atsikana alibe mphamvu zochitira masewera.

Koma kutchuka sikukhalitsa. Mu 1933 anagwa pamasitepe navulala msana, ndipo anavutika kwa zaka zingapo. Anachira mpaka anasambiranso pamaso pa anthu pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1939. Makutu aja anapitirira kufooka, kufikira anatsala pang'ono kugontheratu. Apa ndi pamene anayamba ntchito imene manyuzipepala sanaitchule kwambiri: kuphunzitsa kusambira ana osamva a pa sukulu ya Lexington ku New York. Anawo ankamukhulupirira chifukwa anali mmodzi wa iwo. Sanakwatiwe. Anamwalira pa 30 November 2003 ku New Jersey ali ndi zaka 98.

Ine amene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinaona ndi maso anga zimene chikuku chimachita. Katemera wake alipo kusikelo, mwana akakwanitsa miyezi 9 ndiponso miyezi 15. Tisaphonye, amayi. Ndipo mwana wosamva tisamubise m'nyumba; m'boma lathu lomwe lino la Dedza muli sukulu ya ana osamva ku Mua. Mtsikana akakonda mpira kapena kuthamanga, tisamuletse pomuuza kuti ndi za anyamata. Timupatse nthawi akamaliza ntchito za pakhomo, ndipo tsiku la mpikisano tipite tikamuchemerere.