Elliott Joslin, dokotala amene anaphunzitsa ana kukhala ndi matenda a shuga

Elliott Joslin anabadwa pa 6 Juni 1869 m'tauni ya Oxford, ku Massachusetts, m'dziko la America. Anaphunzira ku Yale, kenako anachita za udokotala ku Harvard, ndipo ntchito yake anaigwira mumzinda wa Boston. Matenda a shuga anawadziwira pakhomo, chifukwa mayi ake omubereka anali nawo.

Masiku amenewo kunalibe mankhwala. Mwana akadwala shuga ankawonda, ndipo ambiri sankatha zaka 2 ali moyo. Madokotala ankangowachepetsera chakudya kuti masiku awonjezekeko. Joslin ankalemba m'kaundula wodwala aliyense ndi mmene matenda ankamuyendera. Mu 1916 anatulutsa buku la madokotala, ndipo mu 1918 analemba lina loti odwala eni ake aziwerenga.

Insulini itapezeka ku Toronto mu 1921, Joslin anali m'gulu la madokotala oyamba kuipereka kwa odwala mu 1922. Ana amene makolo anali atataya nawo mtima anadzuka. Koma iye anaona kuti jakisoni payekha sakwanira. Mwana wosadziwa kuyeza chakudya, kudzibaya, kapena kuzindikira kuti shuga watsika m'thupi, akhoza kufa mankhwala ali m'nyumba. Choncho anayamba kutumiza anamwino m'makomo kukaphunzitsa mabanja.

Mu 1932 anagwirizana ndi amayi ongodzipereka a mpingo wa Universalist, ndipo anatsegula msasa wa atsikana odwala shuga ku North Oxford, pamalo pamene anabadwira Clara Barton, amene anayambitsa Red Cross ya ku America. Kumeneko ana ankasewera limodzi, kwinaku akuphunzira kudzisamalira. Msasa wa anyamata unatsegulidwa mu 1948.

Joslin anamwalira pa 28 Januwale 1962, ali ndi zaka 92. Chipatala cha Joslin Diabetes Center ku Boston chikadalipo mpaka lero.

Nkhondo imene iye anamenya sinathe kuno kwathu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 anapeza kuti m'midzi ya Mozambique, mwana wofunika insulini ankakhala ndi moyo osakwana chaka chimodzi atayamba kudwala. Mwana akamamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda mwadzidzidzi, makolo athamangire naye kuchipatala, ndipo akapatsidwa mankhwala afunse mpaka amvetse kagwiritsidwe kake.