LUDWIG VAN BEETHOVEN, MMISIRI WA NYIMBO AMENE ANAGONTHA

M'mwezi wa May, caka ca 1809, ankhondo a Napoleon wa ku France anazinga mudzi waukuru wa Vienna m'dziko la Austria, nauombera ndi mizinga usiku. Anthu anathawira m'zipinda za pansi pa nyumba zao. M'cipinda cotere, kwa mphwace Caspar Carl, munabisala munthu wa zaka 38, ataphimba mutu wace ndi mitsamiro. Womuona akadayesa kuti ali ndi mantha a imfa. Koma iye anali kucinjiriza makutu ace, pakuti anali atayamba kale kugontha, ndipo phokoso lalikuru linali kumlasa m'mutu. Munthuyo ndiye Ludwig van Beethoven, amene nyimbo zace zimayimbidwa m'maiko onse kufikira lero.

Anabadwira ku Bonn, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine m'dziko la Germany, nabatizidwa pa 17 December 1770. Agogo ace ndi atate wace anali oyimba a kwa mfumu ya pamenepo. Atate wace, Johann, anali wokonda mowa, ndipo anaphunzitsa mwanayo limba lochedwa piyano mwaukali ndithu. Mwanayo anayimba pamaso pa anthu ali ndi zaka 7, ndipo pofika 1784 anali wothandiza woyimba limba la m'kacisi wa mfumu. Amai wace anamwalira mu 1787. Patapita zaka ziwiri mnyamatayo anapempha kuti theka la malipiro a atate wace lizipatsidwa kwa iye, kuti alere nalo aphwace awiri ndalamazo zisanathere ku mowa. Mu 1792 anamka ku Vienna kukaphunzira kwa Joseph Haydn, ndipo kwao ku Bonn sanabwererekonso.

Ku Vienna anachuka msanga. Anali kukhala pa piyano ndi kupeka nyimbo pomwepo, nduna ndi akazi ao akumvetsera, ena misozi iri mbwe. Tsono m'masiku omwewo a ulemu, asanakwanitse zaka 30, makutu anayamba kumbvuta.

Ife akumva bwino timayesa kuti wogontha akhala mu bata. Sizinatero ndi Beethoven. M'kalata imene analembera bwenzi lace Franz Wegeler, dokotala wa ku Bonn, mu June 1801, anafotokoza kuti m'makutu mwace munali kulira usana ndi usiku osaleka. Mau okwera a zoyimbira ndi a oyimba sanali kuwamva akakhala patali. Munthu akalankhula motsitsa, anali kumva kuti pali mau koma osazindikira conenedwa. Munthu yemweyo akapfuula, zinali kumpweteka kosapiririka. Aliyense amene akhala ndi nkhalamba yogontha pakhomo adziwa zimenezi: munena pang'ono, akufunsani kawiri, mukweza mau, akwiya kuti mulikumkalipira. Beethoven analeka kupita ku misonkhano ya anzace pafupifupi zaka ziwiri, pocita manyazi kuulula kuti iye, woyimba, samva. Madokotala anamyesa ndi mafuta othira m'makutu, ndi kusamba madzi ozizira, kenaka ofunda, ndi makungwa omanga pa mikono mpaka kuturuka matuza, koma osathandiza. Kamnyamata kena, Carl Czerny, kamene kanadza kudzaphunzira kwa iye m'zaka zomwezo, kanakumbukira mpaka kukula kuti kanaona thonje m'makutu mwa mphunzitsi wace.

Pano tiime pang'ono. Kulira kwa m'makutu kotere ambiri a ife takumvapo, titacoka ku cigayo kapena titacezera pafupi ndi ng'oma usiku wonse. Kukaca kwatha, ndipo tiiwala. Madokotala a masiku ano apeza kuti m'kati mweni mweni mwa khutu muli tinthu tating'ono zedi tonga ubweya, timene tilandira mau. Phokoso lalikuru litilemetsa, ndipo kulirako ndiko cenjezo. Tikafa timeneti sitimeranso. Cifukwa cace amaweruza kuti phokoso lopitirira mlingo wa 85 decibel, munthu akakhalamo maora asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, liononga makutu. Komatu tisanamizire mizinga ya Napoleon kuti ndiyo inagonthetsa Beethoven. Nthenda yace inayamba zaka khumi mizingayo isanalire. Iye anangodziwa kuti kakumva kotsalako n'kosacedwa kutha, nakasunga monga munthu asunga mbeu m'caka ca njala.

Mu 1802 dokotala anamtuma ku Heiligenstadt, kamudzi ka phee kunja kwa Vienna, kuti makutu akapumule. Anakhalako miyezi isanu ndi umodzi, osasintha kanthu. Cinamlasa mtima koposa ndi ici, cakuti mnzace woyenda naye anamva citoliro ca mbusa patali, iye osamva konse. Pa 6 October analembera abale ace awiri kalata yaitali, nawauza kuti anthu amamyesa wouma mtima ndi wodana ndi anzace posadziwa cobisika cace, ndi kuti anatsala pang'ono kudzipha, koma anamletsa ndi nyimbo zimene zinali m'kati mwace zosalembedwa. Kalatayo sanaitumize. Inapezeka m'mapepala ace atamwalira.

Zaka zotsata anagwira nchito modabwitsa. Pa 22 December 1808 anaitana anthu a Vienna kudzamva nyimbo zace zatsopano, pakati pace ziwiri zazikuru za mtundu wochedwa symphony, yacisanu ndi yacisanu ndi cimodzi. Msonkhanowo unatha maora anai m'nyumba yozizira koopsa, oyimba anali osakonzeka bwino, ndipo pa nyimbo yotsiriza anasokonezeka mpaka iye anawaimitsa kuti ayambirenso.

Cinthu codabwitsa cinacitika mu 1813. Munthu uja anabisala mizinga analemba nyimbo yofanizira nkhondo imene Wellington anapambana nayo Afalansa ku Vitoria caka comweco. Munali ng'oma zazikuru zolira ngati mizinga, ndi zogogoda zolira ngati mfuti. Anaiyimba pa 8 December posonkhera ankhondo olasidwa, ndipo anthu anaikonda kopambana, nimpatsa mbiri ndi ndalama zambiri. Odziwa nyimbo masiku ano amaiyesa imodzi ya nchito zace zopepuka. Phokoso linakoka khamu kumene nyimbo zozama sizinalikoke. Potsogolera oyimba iye anali kunyonyomala mau akatsika, ndi kudumpha mau akakwera. Koma popeza mau otsika sanali kuwamva, nthawi zina anadumpha yekha oyimba asanafikepo.

Mmisiri wa makina, Johann Mälzel, anampangira malipenga acitsulo oika ku khutu, amene anathandiza pang'ono. Mu 1814 anayimba piyano pa msonkhano wa anthu, ndipo zinamveka kuti masiku ace a piyano atha. Woyimba mnzace Louis Spohr, amene anamumva pokonzekera, anasimba kuti pa mau amphamvu anali kumenya mpaka nsambo kulira moipa, ndipo pa mau ofatsa anali kukhudza pang'ono kotero kuti ena sanamveke konse. Kuyambira 1818 alendo anali kulemba zonena zao m'timabuku, iye nayankha pakamwa. Timabuku toposa 130 tiripo lero, ndipo tiri ndi mbali imodzi yokha ya nkhani: mafunso a alendo alimo, mayankho ace anapita ndi mphepo.

Sitibisa kuti anali munthu wobvuta kukhala naye. Anchito a m'nyumba sanali kukhalitsa. Mphwace Caspar Carl atamwalira mu 1815, analimbana ndi mlamu wace Johanna m'mabwalo a milandu mpaka 1820, kuti alande mwana wao Karl. Anapambana, koma anamlera ndi cikondi copanikiza, ndipo mu 1826 mnyamatayo anadziombera ndi mfuti m'mutu, mwamwai osafa. Ugonthi uchititsa munthu kukayikira kuti onse amene aseka alikumseka iye, ndipo zina tingamkhululukire pa ico. Koma zimene anacitira mai wamasiye uja sizicokera m'makutu.

Wina adzafunsa kuti, nanga wogontha alemba bwanji nyimbo? Taonani wotsogolera nyimbo wozolowera: akayang'ana zizindikiro za solfa m'buku, nyimboyo aimva m'mutu asanatsegule pakamwa. Beethoven anali ataphunzira kulira kwa coyimbira ciri conse makutu ali amoyo. Anali kuyenda m'thengo ndi kabuku m'thumba, kung'ung'udza ndi kulemba, kufafaniza ndi kulembanso. Motero anatsiriza Misa yace yaikuru mu 1823, ndi symphony yacisanu ndi cinai, imene m'cigawo cace cotsiriza anaikamo mau a anthu oyimba ndakatulo ya Friedrich Schiller yonena za cimwemwe.

Imeneyi inayimbidwa koyamba pa 7 May 1824 m'nyumba ya Kärntnertor ku Vienna. Beethoven anaima kutsogolo, kutembenuza mapepala ndi kugwedeza dzanja, koma wotsogolera weni weni anali Michael Umlauf, amene anacenjezeratu oyimba kuti aziyang'ana iye yekha. Anthu anaomba m'manja ndi kupfuula kwakukuru, mwini nyimboyo ali cifulatire, maso pa mapepala. Pamenepo namwali wina woyimba, Caroline Unger, wa zaka 20, anamgwira pa mkono namtembenuza kuti aone. Khamulo pozindikira kuti kuomba kwao sikumfika, linakweza zipewa ndi mipango m'mwamba. Zolipira zitacotsedwa, ndalama zimene zinamtsalira usikuwo zinali zocepa, ndipo anakangana ndi abwenzi ace powaganizira kuti amnyenga.

Anamwalira pa 26 March 1827, ali ndi zaka 56, kunja kukugunda mabingu. M'mawa mwace madokotala anapima mtembo, napeza ciwindi cofota ndi mitsempha ya makutu yoonda. Pa maliro, tsiku la 29, panasonkhana anthu oposa zikwi khumi, ndipo mmodzi wa onyamula miuni anali Franz Schubert, amene anamtsata ku manda caka cotsatira. Alendo anali atameta tsitsi lace kuti likhale cikumbutso. Mu 2023 anzeru anapima lina la tsitsilo, napeza kuti anali ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B, koma cobadwa naco cimene cikadamgonthetsa sanacipeze. Mu 2024 anapezamonso mtobvu wambiri, umene ena aganiza kuti unalowa ndi vinyo. Madokotala sanagwirizanebe ngati ndiwo unapha makutu. Malipenga anai a Mälzel asungidwa ku Bonn, m'nyumba imene anabadwiramo.