John Muir, Mlimi Wokonda Kuyenda m'Mapiri

Mwezi uno tifuna kukuuzani, owerenga athu, mbiri ya munthu wina wa ku Scotland, dziko lomwe lija anachokera David Livingstone. Dzina lache ndiye John Muir. Munthuyu sanali mfumu kapena msilikali ai. Anali mwana wa mlimi, wodziwa kugwira khasu ndi nkhwangwa monga ife tomwe. Koma ku Amerika dzina lache likumbukika kufikira lero, popeza anayenda pansi maulendo atali m'nkhalango ndi m'mapiri, napenya zimene anthu analikuchita ndi nthaka ndi mitengo, nachenjeza anzache zinthuzo zisanathe psiti.

Ubwana wache

Anabadwa pa 21 Epulo 1838 m'mudzi wa Dunbar, m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo anali wachitatu mwa ana 8. Atate wache, Daniel Muir, anali munthu wamalonda, wopembedza kwambiri, koma waukali pa ana ache. Anamloweza John mau a m'Buku Lopatulika tsiku ndi tsiku, mkwapulo uli pafupi, kotero kuti pofika zaka 11 mwanayo anatha kunena pamtima Chipangano Chatsopano chonse ndi gawo lalikuru la Chakale.

M'chaka cha 1849 Daniel anasamuka, naoloka nyanja kunka ku Amerika, natenga malo m'thengo la ku Wisconsin, pafupi ndi kanyanja kamene anakatcha Fountain Lake. Kumaiko a kumpoto kumeneko nyengo siziyenda monga kwathu kuno. Kuyambira Disembala kufikira Malichi kuzizira koopsa. Madzi a m'nyanja aundana nauma ngati mwala, chipale chofewa chikwirira minda, ndipo mitengo yambiri iyoyola masamba ache onse. Tsono pofika Epulo ndi Meyi dzuwa libwera ndi mphamvu, chipale chisungunuka, achule ayamba kulira m'madambo, mbalame zimene zinathawira kumwera zibwerera magulu magulu, ndi maluwa aphuka ponseponse. Imeneyi ndiyo nyengo ya mphukira. Tingaifanizire pang'ono ndi masiku aja mvula yoyamba itagwa, pamene tchire lopserera libiriwira. John anafika pamalopo m'nyengo yomweyi, ndipo chimwemwe cha masiku amenewo sanachiiwala moyo wache wonse. Chimene chinamdabwitsa koposa ndi njiwa za mtundu wina, zimene zinali kuuluka zambirimbiri pamodzi, mpaka kuphimba thambo ngati mtambo wa mvula.

Nchito ya kumunda

Koma masiku osewera sanachuruke. Ali ndi zaka 12 anampatsa khasu la ng'ombe, mutu wache usanapitirire bwino zogwirira zache. Anadula mitengo, nazula zitsa, nasema mitengo ya mpanda, ndipo pa nthawi yokolola tirigu anagwira nchito kuyambira mbandakucha kufikira mdima. Zaka zoyamba minda inabala zodzaza nkhokwe, pakuti nthaka inali yatsopano. Koma alimi a kumeneko anafesa tirigu pamalo pomwepo chaka ndi chaka, osathira manyowa, osagoneka munda. Ndipo posakhalitsa nthaka inaguga, zokolola zinachepa. Zitapita zaka 8 atate wache anagula thengo lina, dzina lache Hickory Hill, ndipo nchito yonse ija yophwanya mphanje inayambanso.

Pamalo atsopanowa panalibe mtsinje kapena kasupe, ndipo John anauzidwa kukumba chitsime m'thanthwe. M'mawa anali kumtsitsa m'ndowa ndi chingwe, nakhala pansipo yekha ndi nyundo ndi chitsulo chosemera miyala. Masana anamkoka kuti adye, namtsitsanso kufikira madzulo. Anatero miyezi yambiri. Tsiku lina, atafika ngati mapazi 80, anapeza kuti mpweya woipa wasonkhana pansi usiku. Anafooka, nayamba kukomoka. Koma atate wache, posamva nyundo kulira, anapfuula kuti alowe m'ndowa, ndipo anamtulutsa ali pafupi kufa. Mnansi wao wodziwa za migodi anawalangiza kuthira madzi m'dzenjemo, ndi kutsitsa mtolo wa udzu kawirikawiri kuti mpweya wabwino ulowe. Atapuma tsiku limodzi kapena awiri, John anatsikanso, ndipo madzi anapezeka pa mapazi 90. Okumba zitsime asunge mau awa, pakuti mpweya wotere suoneka ndi maso.

Njala yache ya mabuku inali yaikuru, koma atate wache sanalole ana kukhala maso atatha mapemphero a madzulo. Tsiku lina anamuuza kuti akafuna kuwerenga alawire monga afuna. John anagwira mau amenewo, nayamba kudzuka pa 1 koloko usiku, natsikira m'chipinda chozizira cha pansi pa nyumba. M'menemo anasema makoloko a mitengo, napanganso kama wodabwitsa, amene nthawi ikakwana anapendekeka yekha ndi kuimika wogonayo chilili. M'chaka cha 1860 ananyamula zopanga zachezo kunka nazo ku chionetsero cha alimi ku Madison, ndipo anthu anazizwa. Pambuyo pache analowa sukulu yaikuru ya University of Wisconsin. Kumeneko mnzache wina anamuonetsa duwa la mtengo waukuru, namfotokozera kuti mtengowo uli pa chibale ndi nsawawa ndi nyemba, pakuti maluwa ao ndi makoko ao anapangika mofanana. Kuyambira tsikulo John sanapitirire chomera osachiyang'anitsa.

Ngozi imene inatembenuza moyo wache

Atachoka pa sukulu anagwira nchito ya makina ku Canada, ndi pambuyo pache ku Indianapolis, m'nyumba yopangira ziwalo za magareta. Anali mmisiri waluso, ndipo akadakhala pomwepo akadalemera. Koma mwezi wa Malichi 1867, alikukonza lamba wa makina, tupa inapulumuka m'dzanja lache nimlasa m'diso lamanja. Posakhalitsa diso linzache linachitanso khungu. Anagona milungu ingapo m'chipinda cha mdima, alikulira mumtima kuti sadzaonanso duwa kapena phiri. Pamene maso ache anatseguka, anatsimikiza mtima kusiya makina a anthu ndi kupereka masiku ache otsala ku zolengedwa za Mulungu.

Mwezi wa Seputembala chaka chomwecho anaoloka mtsinje wa Ohio, nayamba ulendo wa pansi wa mailosi ngati 1,000 kunka kumwera. Katundu wache anali kathumba kamodzi, timatabwa topanikizira masamba, ndi mabuku owerengeka, limodzi la iwo Chipangano Chatsopano. Mfuti analibe. Nkhondo yaikuru ya pachiweniweni inali itangotha m'chaka cha 1865. Midzi yambiri inali mabwinja, ndi m'mapiri munali achifwamba. Koma iwo pakuona munthu wosauka wonyamula zitsamba, anamleka apite. Anadutsa Kentucky, Tennessee, North Carolina ndi Georgia, nagona pena m'nyumba za azungu, pena m'nyumba za anthu akuda amene anali atangomasulidwa mu ukapolo, pena pansi pa mtengo. Ku Savannah ndalama zinamthera, ndipo anagona masiku angapo kumanda a Bonaventure, poganiza kuti mbala sizidzafikako usiku. Atadutsa madambo a ku Florida anafika ku Cedar Key, m'mbali mwa nyanja, kumene malungo anamgwetsa; ndipo akadafa, koma banja la mwini makina ocheka matabwa linamdwazika miyezi iwiri ndi kupitirira.

M'mapiri a California

Kumapeto kwa Malichi 1868 anatsika m'ngalawa ku San Francisco, ndipo sanakhalitse m'mudzi waukuruwo, koma anauyamba wa kumapiri. Inali nyengo ya mphukira. Atakwera pa mpata wa Pacheco anaona chigwa chachikuru cha pakati pa California chitayala maluwa achikasu kufikira kumene maso alekeza, ndi kutsidya kwache mapiri a Sierra Nevada alikunyezimira ndi chipale. Anayenda masiku ambiri m'maluwamo kufikira analowa m'chigwa cha Yosemite. Kumeneko matanthwe aima chilili ngati malinga, mathithi ena agwa mapazi oposa 2,400, ndipo chapafupi pali mitengo ya sequoia, ina ya zaka zoposa 2,000.

Kuti apeze chakudya analembedwa nchito yoweta nkhosa, ndipo m'chaka cha 1869 anakwera kumapiri ndi nkhosa 2,050. M'mene anazitsata anaona kuti podutsa izo sipatsala udzu kapena kamtengo kophuka. Ziboda zao zifukula nthaka, ndipo mvula ikadza ikokolola yonse. Anazifanizira ndi dzombe. Anazindikira kuti phiri lometedwa silisunga madzi, ndi kuti alimi a kuchigwa, amene amwa ndi kuthirira madzi ochokera m'mapirimo, ndiwo adzayamba kulira.

Zaka zotsatira anayendayenda yekha m'mapiri, kamba wache mkate wouma ndi tiyi, nthawi zambiri wopanda gombeza. Anaphunzitsa kuti chigwa cha Yosemite chinasemedwa kale lomwe ndi mitsinje ya madzi oundana, yoyenda pang'onopang'ono ndi kupala miyala. Josiah Whitney, mkuru wa akatswiri a miyala m'dzikomo, anamnyoza kuti ndi mbusa wa nkhosa chabe; koma ophunzira a pambuyo anapeza kuti mbusayo ndiye anayandikira choonadi.

M'chaka cha 1880 anakwatira Louisa Strentzel, nakhazikika ku Martinez, nalima mphesa ndi zipatso zina zaka ngati 10. Anabala ana akazi awiri, ndipo munda unampindulira. Koma mkazi wache anaona kuti mwamunayo alikuonda ndi kufooka, namuuza kuti abwerere kumapiri ndi ku zolemba zache. Tiyenera kumtama maiyu, pakuti popanda iye nchito yotsatayi sikadachitika.

Kumenyera nkhalango

Muir analemba m'manyuzi za kuonongeka kwa mapiri, ndipo m'chaka cha 1890 boma linapatula dziko lozungulira Yosemite likhale malo osungika a mtundu wonse. M'chaka cha 1892 iye ndi anzache anayamba bungwe la Sierra Club, nakhala mtsogoleri wache kufikira imfa. Mwezi wa Meyi 1903 Theodore Roosevelt, mtsogoleri wa dziko lonse, anagona naye kuthengo masiku 3, alikuotha moto ndi kukambirana za mitengo. Ndipo m'zaka za ulamuliro wache Roosevelt anapatula nkhalango zambiri.

Sitifuna kubisa chilema chache. Maiko amene Muir anawayesa chipululu anali ndi eni ache. Anthu a mtundu wa Ahwahneechee anakhala m'Yosemite mibadwo yambiri, nasamala chigwacho ndi moto wotentha pa nyengo yache, kufikira asilikali anawapitikitsa m'chaka cha 1851. M'zolemba zache zoyamba Muir ananena mau onyoza za eni dziko ndi za anthu akuda. Atayenda ndi anthu a mtundu wa Tlingit ku Alaska m'chaka cha 1879 anayamba kuwalemekeza. Komabe sanamenyere eni dziko monga anamenyera mitengo. M'chaka cha 2020 bungwe lache lomwe linabvomera poyera kuti mau aja anali oipa. Munthu angathe kupenya bwino duwa, nalephera kupenya mbale wache.

Ali nkhalamba ya zaka 73 anapanga ulendo wautali kukaona mitengo ya maiko ena, ndipo mwezi wa Januwale 1912 anafika ku mathithi a Victoria Falls pa Zambezi. Chimene anadzera ndi mlambe, mtengo umene ife tiupitirira osacheuka. Iye anauzungulira, naupima, naujambula m'buku lache ndi chimwemwe cha mwana.

Nkhondo yache yotsiriza anagonja. Mudzi wa San Francisco unafuna kutseka chigwa cha Hetch Hetchy, m'kati mwa malo osungika aja, kuti chikhale dziwe la madzi akumwa. Muir anakana zaka zambiri, koma anthu a mumudziwo analinso ndi mlandu wao, pakuti anasowa madzi okwanira. Mwezi wa Disembala 1913 boma linalola, ndipo chigwacho chili pansi pa madzi kufikira lero. Muir anamwalira ndi chibayo ku Los Angeles pa 24 Disembala 1914, ali ndi zaka 76. M'chaka chomwecho inafanso njiwa yotsiriza ya mtundu uja unaphimba thambo pa ubwana wache. Alenje anali atazitha zonse.

Abale, munthu uyu anaona ndi maso ache munda wa atate wache ulikuguga, phiri lilikumetedwa, ndi mbalame zosawerengeka zilikutha m'moyo wa munthu mmodzi. Tifunse nkhalamba za m'midzi mwathu mitengo imene inali paphiri pa ubwana wao, ndi akasupe amene anatungapo madzi. Ndipo titamva mayankho ao, tipangane chochita ndi zimene zatsala.