NSINGO, MWANA WA MPEZENI

Agriki akale anali ndi nthano ya Hector, mwana wa mfumu yokalamba Priam, amene anaimirira mudzi wa Troy kufikira anaphedwa ndi Achilles, atate wace akali moyo. Ana a sukulu amaiwerenga m'mabuku, osadziwa kuti kuno kwathu ku Chipata zotere zinacitikadi, ndipo si nthano ai.

Nsingo anali mwana wa Mpezeni, mdzukulu wa Zwangendaba uja anaoloka Zambezi ndi Angoni m'caka ca 1835, tsiku lomwe dzuwa linada. Pokula iye, Angoni anali atakhazikika m'dziko lino, olemera ndi ng'ombe, oopedwa ndi Acewa ndi Ansenga.

Tsoka linadza ndi Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga, amene Mpezeni anamlandira ngati bwenzi. Wiese ananena kwa Azungu anzace kuti mfumu yampatsa dziko, ndipo pepala lace linafika m'manja a kampani ya North Charterland, imene inkayembekeza kupeza golidi. Mpezeni, pokhala nkhalamba, anafuna kuceza nao mofatsa. Nsingo ndi anyamata a mabungwe a nkhondo anaona msanga kuti alendowa sanadzere malonda okha. Pamenepo tiyenera kubvomera kuti mwana anapenya patali kuposa atate, ngakhale mphamvu ya mfuti sanaiyese bwino.

Kumapeto a 1897 Angoni anazinga Wiese ndi anzace pa Luangeni. M'January 1898 asilikari anafika kucokera ku Nyasaland ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Angoni anadza ndi nthungo ndi zikopa monga mwa makolo ao, koma zipolopolo zinawagwetsa asanafike pafupi pokalasa munthu. M'masiku owerengeka midzi inapsa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa.

Nsingo anathawa nabisala, koma anamgwira, namweruza mwa cisilikari, namuombera m'February 1898. Mpezeni anadzipereka, anakhala m'ndende kanthawi, namwalira mu 1900. Ufumu unagwera mwana wa Nsingo, ndiye Mpezeni waciwiri. Golidi uja anadzetsa nkhondo sanapezeke wocuruka monga anayembekezera.

Boma la Azungu linamanga Fort Jameson, ndiyo Chipata, ndipo mwambo wa Nc'wala unaleka kucokera nthawi ya nkhondoyo kufikira 1980, pamene Angoni anauutsanso.